Waya wa pa poto wa mandasi

M'nyumba imene ndinkachita lendi ku Selly Oak, kuno kudziko la azungu, tinkakhalamo atatu: ine, namwino mnzanga wa ku Zomba amene ndinkamutchula kuti achemwali poti anali wamkulu kwa ine, ndi amuna awo, alamu anga. Alamu kumudzi anali makaniko. Kuno ankanyamula makatoni, koma manja awo sanaiwale ntchito. Chilichonse chikangoti gwede, iwo afika kale ndi waya.

Loweruka lililonse achemwali ankakazinga mandasi a kutchalitchi m'poto wamagetsi wa zogwirira ziwiri zapulasitiki. Poto uja asanakalambe n'komwe, chogwirira chakumanzere chinang'aluka. Mzungu akanabweza kusitolo. Ife kubweza chinthu chifukwa cha kamng'alu? Aa, manyazi ake! Alamu anachikulunga ndi waya bwinobwino, mandasi n'kumapitirira.

Tsiku lina achemwali atamaliza kukazinga ananyamula poto kuti akamuike pakhonde lakuseri, monga tinkachitira kwathu, kuti fungo la mafuta lisalowe m'mayunifomu. Ndinali m'chipinda chapamwamba pamene ndinamva kukuwa. Ndinapeza poto ali pansi, zogwirira zonse zitamwazika, dzanja lawo lamanja litapsa mpaka m'mkono.

Dzanjalo linkapola pang'onopang'ono, koma alamu ndiwo anatidetsa nkhawa. Anasiya kulowa m'khitchini. Bokosi lawo la zida analikankhira pansi pa masitepe. Ankapempha mashifiti owonjezera kuti asamaone bandeji, ndipo akabwera ankadya ali chilili ngati mlendo wothamangira basi. Mumtima mwawo anali ataweruza kale kuti waya wawo ndi umene unawotcha mkazi wawo. Achemwali anandinong'oneza tsiku lina kuti, "Amwali, dzanja lipola, koma bambowa ndikuwataya." Ndinachita mantha, chifukwa banja lija ndinkalikonda.

Kutchalitchi kunali mtsikana wina loya, wobadwira ku Coventry kwa makolo a ku Dedza. Chichewa ankamva, koma ankayankha m'Chingerezi ngati ana onse a kuno. Atamva za ngoziyo, iye ndiye anatiitanira ku ofesi yake, nati tibweretse poto ndi tizidutswa take tonse. Ine ndinapita ngati mboni, komanso, ndisaname, chifukwa cha chidwi.

Zimene anatifotokozera zinandidabwitsa. Anati kampani yopanga potoyo ikhoza kulipira chipukuta misozi, ndipo sitifunika kusonyeza kuti kufakitale wina anagona pantchito. Chofunika ndi kusonyeza kuti potoyo sanali wotetezeka monga mmene munthu wamba angayembekezere, ndi kuti ndiye anavulaza munthu. Kenako anati kampani nayo idzafunsa ngati wovulalayo sanathandizire yekha ngoziyo, ndipo ngati anathandizira, chipukuta misozi chimachepetsedwa molingana ndi gawo lake.

"Gawo?" ndinafunsa ine. "Kulakwa mumakugawa ngati nyama ya pa Khirisimasi?"

Anaseka, nati inde, pafupifupi choncho.

Ndiye apa m'pamene zinavuta. Achemwali, mwaulemu wa kwathu uja, anayamba: "Mwanawe, usavutike, ndi ine ndemwe. Ndinanyamula mafuta akutentha, ndinaliona ndithu phuma langa." Alamu anawadula: "Iyayi mayi, musandiikire kumbuyo. Ndinamanga ndine. Lembani kuti ndine." Achemwali akuti ndine, alamu akuti ndine, mawu kukwera, mpaka mlembi wa panja anasuzumira pakhomo. Loya uja anaika cholembera pansi n'kutiyang'ana. Anati chiyambire ntchito anali asanaonepo anthu akulimbirana mlandu ngati cholowa.

Ine zinandikwiyitsa. Kwathu munthu akakuponda phazi wonena pepani ndiwe wopondedwa, ndipo zimakoma, anthu amagona mwamtendere. Koma pano amene anapanga poto sanali m'chipindamo n'komwe, ndipo anthu awiri osalakwa ankamuchotsera katundu pamutu mwaulere. Ndinati, "Inu nonse khalani chete! Kodi pakati panu alipo amene anaona chogwirira chimene chinayamba kuthyoka?" Panalibe. Achemwali ankangokumbukira moto padzanja. Alamu anali kuntchito.

Loya anatiuza kuti tinene zoona zokhazokha, za waya zomwe, osabisa ndiponso osawonjezera. Poto anamutumiza kwa injiniya woti amuunike.

Pamiyezi yodikira ija ndinkangoganiza za kugawa kulakwa. M'sitima popita kuntchito ndinkayesa pa zinthu zina. Wodwala akaterereka pawodi atakana ndodo, pansi pali ponyowa, gawo lake ndi lotani? Nanga mnyamata wa njinga amene anandigunda kale ku Limbe ine ndikuyenda chotembenuka? Poyamba ndinkaona ngati nkhanza, kuuza munthu wa bandeji kuti nawenso unalakwako. Kenako ndinayamba kuona kuti mwina n'chifundo. Kwathu kulakwa kumagwera munthu mmodzi chathunthu, kapena timangoti ndi tsoka, nkhani n'kuthera pomwepo. Alamu anali atasenza chonse poti panalibe wowauza kuti chimagawika.

Chitseko cha kabati ya m'khitchini chinaguluka m'miyezi yomweyo, n'kumalendewera pa hinjesi imodzi. Palibe anachikhudza. Tinkangochilambalala.

Loya atatiitananso, anatiwerengera zimene injiniya anapeza. Pulasitiki ya zogwirira zonse ziwiri inali yosapirira kutentha, inkauma n'kumafumbutuka m'kati. Chimene chinayamba kuthyoka chinali chakumanja, chosamangidwa chija. Cha waya chinasweka poto atagwa kale pansi. Kampani inavomera kukambirana osafika kukhoti, ndipo gawo lalikulu la kulakwa linali la kampaniyo. Koma kagawo kena kanatsalira achemwali, poti ananyamula mafuta asanazizire pamene malangizo ankaletsa, komanso anapitiriza kugwiritsa ntchito poto ataona kuti chogwirira china chang'aluka. Chipukuta misozi chinachepako ndi kagawo kameneko.

Ine ndinafuna kutsutsa, koma achemwali anagwedeza mutu mokhutira. "Kameneko ndi kanga ndithu, ndikatenga," anatero. Ndikuganiza kuti akanauzidwa kuti alibe kulakwa kulikonse sakanakhulupirira pepala lonselo.

Alamu anaika chipewa chawo pamaondo. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Nanga langa?"

Loya anayang'ananso pepala. Ndipo koyamba chimudziwireni anayankha m'Chichewa, chopotokapotoka ngati cha mwana: "Inu mulibe, bambo."

"Onaninso bwino."

"Ndaona. Mulibe."

Bambo wamkulu uja anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa n'kumagwedezeka. Ine ndinayang'ana kuwindo, misozi nanenso ili mbwembwembwe.

Tinabwerera pa basi. Titalowa m'nyumba, alamu anaima pakhomo la khitchini monga ankachitira miyezi yonse ija, osalowa. Achemwali anapita pansi pa masitepe, nakoka bokosi la zida ndi dzanja lawo la zipsera lija, zala zisanayambe n'komwe kupindika bwino. Analikweza movutika, naliika m'manja mwa amuna awo.

"Chitseko cha kabatichi chatitopetsa," anatero. "Kapena mukudikira kuti nachonso tipite nacho kwa loya?"