Mafuta a m'chiwaya changa

Ndimakazinga nyama yankhumba ku Biwi, ndipo bodza langa linayambira pa nthuli imodzi yolimba.

Mlamu wanga Chisomo, amene amaphunzira za zakudya ku koleji, anailuma n'kuyang'anitsitsa chiwaya changa chadzimbiri. Anati mafuta akapsa kangapo amawonongeka ndi mpweya, ndipo chitsulo chimafulumizitsa zimenezi. Zoipa zotuluka m'menemo zimamatirira ku mapuloteni a m'nyama, nyamayo n'kumalimba ngati lamba.

"Alamu, mafutawa mumasintha liti?"

Makasitomala anali atatchera khutu. "M'mawa uliwonse," ndinatero, uku ndikupukuta manja ngati munthu waukhondo.

Zoona zake n'zakuti ndimangowasefa ndi kansalu n'kuthirapo ena pamwamba. Apansiwo sindikumbukira n'komwe kuti ndinawagula liti.

"Ndiye kuti vuto ndi dzimbiri lokha!" anatero Chisomo mosangalala. Mawa lake anabwera ndi kabotolo koti atungiremo mafuta okayeza kusukulu. Ndinamutungira ndekha. Pakabotolopo analembapo kuti "Mafuta atsopano".

Zotsatira zituluka Lachisanu. Chisomo amakhala kwathu, ndipo akazi anga amuuza kale kuti adzatiwerengere tonse tikamadya.