Jekete Yachiwiri ya Linthumbu

M'chaka cha 1997 dziko lathu linatumiza anthu 23 ku masewera a mayiko ambiri omwe ankachitika zaka zinayi zilizonse. Wotsiriza kulembedwa pamndandanda wa ulendowo anali telala wa zaka 54, yemwe aliyense ankamutchula kuti a Mapini chifukwa ankayankhula mapini ali kukamwa. Kwa zaka makumi atatu iwo anasoka mayunifolomu a ana asukulu ndi a anamwino pakhonde la sitolo ya zitsulo. Paulendowu ntchito yawo inali yosunga, kuchapa ndi kukonza zovala za osewera.

Pofika pa 19 Ogasiti, tsiku lachisanu ndi chinayi la masewerawo, gulu lathu linali lisanapate mendulo ngakhale imodzi. Chiyembekezo chonse chinatsalira pa mtsikana wa zaka 21 wosewera judo, yemwe anzake ankamutcha Linthumbu chifukwa akagwira sankataya. M'mawa anagwetsa anthu awiri. Kwa wachitatu anagonja, ndipo polimbanapo kolala ya jekete yake inang'ambika mpaka kumsana. Kunatsala mpikisano umodzi, wa mendulo yamkuwa, womwe unayenera kuyamba 4:10 madzulo.

Nthawi ya 3:46 Linthumbu anavala jekete yake yachiwiri n'kukaima m'chipinda choyezera zovala. Lamulo linkati wosewera akatambasula manja, mkono wa jekete usatalikirane ndi mfundo ya dzanja kupitirira masentimita asanu, kuti mdani apeze pogwira. Mayi woyeza anaika tepi kumanja, kenako kumanzere, n'kupukusa mutu. Mikono yonse inali yoperewera ndi sentimita imodzi ndi theka. Kudzera mwa womasulira, mayiyo anati jekete ina ya msinkhu wa mtsikanayo panalibe, ndipo ikakwana 4:05 chitseko chitsekedwa, mendulo ipita kwa mdani popanda kulimbana.

"Jeketeyi tinayeza tisananyamuke, inali bwinobwino," anatero mphunzitsi wake. "Yatani?"

A Mapini, omwe anali ataima pakhomo ndi chikwama cha matawulo, anayankha motsitsa mawu. "Ndinaiwiritsa dzulo, aphunzitsi."

"Munaitani?"

"Ndinaiwiritsa. Zovala zoyera za anamwino ndimatero. Ndimati mwanayu akaoneka pakanema asaoneke ngati wachokera kudimba."

"Ndiye mwatiphikira mendulo, madala. Mwathira mchere womwe?"

Madzi otenthawo anali atafupikitsa nsaluyo. A Mapini anagwira mkono wa jeketeyo n'kuupinda kuti aone mkati. Jekete ziwirizi anasoka okha, ndipo anasoka monga ankasokera za ana asukulu: kumpendero ankapindira mkati nsalu yotalika zala ziwiri, kuti mwana akakula makolo angomasula. Mphunzitsi anali atawadzudzulapo kuti mpendero wotere ndi wokhuthala ngati wa thumba la simenti.

"Vula, mwanawe," anatero a Mapini. "Nsalu ilimo."

Sizasi yawo inali italandidwa ndi alonda pachipata tsiku loyamba. Anapempha lezala kwa namwino wa gulu, n'kukhala pansi, msana atatsamira khoma. M'kolala ya malaya awo munali singano zitatu. Nthawi inali 3:51.

Kumasula msoko woyamba kunatenga mphindi ziwiri, chifukwa anali atausoka kawiri ndi makina. Nsalu ya judo ndi yolimba ngati tenti. Singano yoyamba inathyoka pa msoko wachinayi. Anatola chitsekerero cha botolo pansi n'kumakankhira nacho singano yachiwiri, ulusi akuudula ndi mano.

"Ingomasulani basi, musasoke," anatero mphunzitsi.

Womasulira anafunsa mayi woyeza, ndipo yankho linali lakuti mpendero wosasoka saulola.

"Nthawi ikuti bwanji?" anafunsa a Mapini osadzutsa mutu.

"3:57."

Mkono wakumanja unatha 3:59. Wakumanzere unali usanayambidwe. Pakhonde anthu a dziko la mdani anali atayamba kale kugwirana chanza. Linthumbu, atafunda thawulo, ankadumphadumpha kuti thupi lisazizire.

"Agogo," anatero, "mukandilakwitsa ndikugwetsani inuyo m'malo mwake."

"Ine ndagwa kale, mwanawe. Bwera uvale. Winawu ndisokera pathupi."

Anamuveka jeketeyo kuti mayi woyeza ayambe kuyeza mkono womwe unatha. Unakwana. Pamene tepi inali kumanja, a Mapini anali atagwada kumanzere, lezala m'dzanja, akumasula ulusi pafupi ndi mtsempha wa dzanja la mtsikanayo. Namwino anayang'ana kumbali. Singano yachiwiri inapindika nthawi ya 4:02, ndipo yachitatu inawabaya pachala chachikulu. Magazi pa jekete yoyera akanachititsa kuti ikanidwenso, motero anakulunga chalacho ndi mchira wa malaya awo n'kupitiriza ndi misoko italiitali, yomwe pakhonde lawo akanakalipira nayo wophunzira aliyense.

"Musanjenjemere, agogo," anatero Linthumbu.

"Ukunjenjemera ndiwe. Imika dzanjalo."

Mayi woyeza anayang'ana wotchi ya pakhoma, kenako anaika tepi. Anaisuntha, n'kuiikanso. Anakoka mpendero ndi zala ziwiri kuti aone ngati ungasomoke. Kenako analemba chizindikiro papepala lake. Pepalalo, lomwe likusungidwabe, likusonyeza 4:04.

A Mapini mpikisanowo sanauone. Chiphaso chawo sichinkawalola kudutsa chitseko cha m'bwalo, choncho anatsala m'chipindamo akutola tiulusi pansi, phokoso akulimvera kukhoma. Linthumbu anagwetsa mdani wake chagada patatha mphindi zitatu ndi masekondi khumi. Imeneyo ndiyo inali mendulo yokhayo ya dziko lathu pa masewera a chaka chimenecho.

Lipoti la ulendowo lili ndi masamba 41, ndipo za zovala limangoti "zinali mwa dongosolo". A Mapini anabwerera pakhonde lawo pa 26 Ogasiti, ndipo anasokabe mpaka mu 2011 pamene maso anayamba kuwavuta. Jeketeyo ili m'kabati yagalasi ku ofesi ya bungwe la judo. Mkono wake wakumanzere ndi wautali kuposa wakumanja ndi mamilimita anayi.