Manyumwa a Kuseri kwa Nyumba ya a Makwerero

A Makwerero anali munthu wamfupi, ndipo izi tinene ndife, chifukwa eni ake sakanavomera. Zaka makumi awiri ndi zisanu akhala akupenta nyumba za anthu, ndipo zaka zonsezo anazidyera m'mwamba, pamakwerero achitsulo a masitepe khumi ndi anayi. Anzawo ankati akatsika pansi amasowa, mpaka kumawafufuza kuseri kwa zidebe za penti. Dzina linachokera pamenepo. Koma pa nkhani ya mzere wa pakati pa khoma ndi denga, panalibe wowafika. Dzanja lawo linkayenda ngati lamangiriridwa ku chingwe.

Mowa anausiya zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, tsiku limene anapenta zenera la mayi wina ndi magalasi omwe, mayiyo ali m'kati akuyang'ana kunja. Kapitawo wawo anawauza mawu amodzi okha: "Madala, ndikadzakuonaninso mukudzandira, makwerero mudzawaonera patali." Kuyambira pamenepo botolo ankalilambalala ngati galu wolusa.

Chaka chatha kuchipatala anawapeza ndi kuthamanga kwa magazi. Anawapatsa timapiritsi, kamodzi m'mawa uliwonse. Akazi awo, mayi wosoka zovala pakhonde, nkhaniyi inawadetsa nkhawa kuposa wodwalayo. Mlongo wa mayiwo anali atafa ziwalo mbali imodzi ndi matenda omwewo, ndipo iwo ankamusambitsa okha.

Tsiku lina akusoka anamva pawailesi za manyumwa. Akuti ali ndi vitamini C wambiri, shuga wake ndi wochepa, madzi ndi ochuluka, tiulusi take timathandiza m'mimba, komanso ndi abwino ku mtima. Mayiwo anaimitsa makina. Kuseri kwa nyumba yawo kunali mtengo wa manyumwa umene anaupeza pomwe ankasamukira pamenepo. Zaka zonsezi zipatso zake zinkangogwa ndi kuwola, poti ndani angalimbane ndi kuwawa kumeneko?

M'mawa mwake a Makwerero anapeza kapu yaikulu patebulo, yodzaza mpaka m'milomo.

"Ichi n'chiyani, amayi?"

"Imwani, bambo. Muzimwera piritsi lanulo. Zabwino ziwiri zizilowa limodzi."

Anamwako pang'ono, nkhope yonse inasonkhana pamphuno.

"Ndakulakwirani chiyani ine?"

"Munkamwa zowawa kuposa izi, osadandaula. Malizani."

Anamaliza. Ndipo m'chikwama cha nkhomaliro munalinso nyumwa lina losenda kale.

Sabata yachiwiri zinthu zinayamba kusintha. Ikamakwana naini koloko nkhope inkawatentha, mutu kumagunda m'mbalimu, ndipo akayang'ana m'mwamba denga linkasuntha lokha. Madzulo nsapato zinkakana kuvuka, akakolo atatupa. Sanauze munthu. Wopenta wa chizungulire ndi wantchito yanji? Ankangokumbatira makwerero ndi dzanja limodzi, kudikira kuti dziko likhazikike, kenako n'kupitiriza. Mzere wawo wotchuka uja unayamba kuyenda ngati njira ya nyerere.

Lachinayi lina, akutsika kukathira penti, phazi linaphonya sitepe yachinayi. Anagwera pakhonde la eni nyumba, chidebe chili pambuyo pawo, khuu! Penti wobiriwira anafika mpaka pachitseko. Pofuna kudzuka anadzandira, nagwiranso khoma losauma.

Kapitawo anabwera pang'onopang'ono, nawerama.

"Tapumani kuno, madala."

Anapuma. Fungo limene linatuluka linali la manyumwa okhaokha.

Kapitawo anapukusa mutu. "Njira yakale imeneyi. Mukuyesa sindikuidziwa? Kutafuna makoko kuti fungo libisale. Inenso ndinamwapo mowa, madala."

"Bwana, ndikulumbira, ndi zipatso chabe. Akunyumba ndi amene..."

"Musawalowetsemo mayi aja. Tengani malaya anu."

A Makwerero anafika kunyumba dzuwa lisanafike paliwombo, mbali imodzi yonse yobiriwira ngati buluzi. Akazi awo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mkazi wa kapitawo anali atawaimbira kale foni. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi kuli bwino. Anangowatenthetsera madzi osamba, nabwerera pamakina, phazi likupondaponda koma singano ilibe ulusi.

Masiku otsatirawo a Makwerero anaona tizinthu. Sutikesi ya pamwamba pa wodilopu inatembenuka. Chivundikiro cha thanki ya m'chimbudzi chinakhala mopendekera. Mulu wa njerwa kuseri unapasulidwa n'kusanjidwanso. Onsewo anali malo amene ankabisamo mabotolo kalelo. Anafuna kunena, koma anenenji, pamene nawonso miyendo yawo sankaikhulupirira? Mwina mutu wayamba kufa mbali imodzi ngati wa alamu awo. Ankakhala pampando n'kumafinya zala za dzanja lamanja chimodzichimodzi, kuona ngati zikumvabe.

Ndipo kapu ya m'mawa inasanduka makapu awiri.

"Chiwindi chitsukike," anatero mayiwo, maso ali kwina.

Tsiku lokaonana ndi dokotala anapita limodzi, mayiwo patsogolo, bambowo pambuyo ngati wopita kukhoti. Dokotala anayeza, nakweza nsidze.

"Magazi atsika kupyola. Mukumwa mapiritsi angati?"

"Kamodzi, monga munanena."

"Pali mankhwala ena amene mukumwa? Azitsamba kaya ogula?"

"Ayi, adokotala."

Mayiwonso anapukusa mutu. Chipatso si mankhwala, ndani sadziwa? Dokotala analemba kuti adzabwerenso Lolemba akayezedwe zina, nawatumiza kuwindo la mankhwala.

Mzere unali wautali. Mayiwo anapisa m'chikwama, natulutsa nyumwa, nayamba kusenda ndi chikhadabo. Fungo linadzaza khonde lonse. Atafika pawindo, a Makwerero anapereka buku lawo ndi dzanja limodzi, lina lili ndi chidutswa kukamwa.

Mayi wopereka mankhwala anayang'ana buku, anayang'ana chidutswa, anayang'ananso buku.

"Agogo, mukudya chiyani?"

"Sindine agogo, mwanawe. Ndi nyumwa."

"Mumadya kangati?"

Akazi awo anayankha monyada pang'ono. "Tsiku lililonse. Makapu awiri m'mawa, omwera piritsi, ndi lina masana. Ndimafinya ndekha."

Wa pawindoyo anaika cholembera pansi.

"Mayi, chipatsochi n'chabwino ndithu, zonse munamvazo n'zoona. Koma sichigwirizana ndi piritsi ili. Chimatsekereza thupi kuphwanya mankhwalawa, ndiye amaunjikana m'magazi. Bambowa akamwa limodzi, zimakhala ngati amwa angapo. Chizungulire sakumva? Mutu? Miyendo kutupa?"

A Makwerero anali chikhalire ndi chidutswa m'kamwa, osadziwa kaya ameze kaya alavule.

"Ngakhale atamamwa piritsi m'mawa, chipatso madzulo?" mayiwo anafunsa, mawu atachepa.

"Sizithandiza. Mphamvu yake imatha masiku m'thupi. Asiyiretu, ndipo bwererani kwa adokotala pompano mukawauze. Malalanje wamba adye, alibe vuto."

Pobwerera kunyumba anafika pamphambano ya kumsika. Pamenepo mayiwo anaima.

"Bambo, ndinafufuza m'nyumba."

"Ndikudziwa. Chivundikiro cha thanki munabwezera chopendekera."

"Bwanji simunanene kuti mukumva chizungulire?"

"Bwanji simunandifunse, m'malo mofunsa njerwa?"

Mayiwo anaphimba nkhope ndi mpango. A Makwerero, amene sadziwa chochita ndi misozi ya munthu wamtali kuposa iwo, anangowalanda chikwama n'kunyamula okha.

Madzulo ake a Makwerero anapeza mayiwo kuseri ali ndi chikwanje, akuyang'ana tsinde la mtengo.

"Ikani pansi icho. Mtengo walakwa chiyani? Inu simumwa mapiritsi, muzidya ndinu. Muone mmene ndinkavutikira."

Patatha sabata, mutu utayera, anapita kwa kapitawo ndi kalata ya dokotala. Kapitawo anaiwerenga kawiri, milomo ikuyenda, naipinda.

"Ndamva, madala. Mwina ndinafulumira. Koma makwerero ndapatsa mkamwini wanga, ndipo eni nyumba aja sakufuna kukuonani m'mwamba. Yambani mwapenta m'munsimu."

Ndiye masiku ano a Makwerero amapenta m'munsi mwa makoma, chogwada pakatoni, pamene mkamwini wa kapitawo ali pamwamba kudonthetsera penti m'khosi mwawo. Anzawo amati tsopano apeza ntchito ya msinkhu wawo. Iwo amaseka nawo, mano okha.

Manyumwa amabwera nawo m'thumba kudzagawira anzawowo, koma asanapereke amafunsa ngati wapolisi: "Umamwa mapiritsi aliwonse iwe? Usandinamize." Womanga njerwa wina, amene amamwa a mafuta a m'magazi, anamulanda nyumwa lili kale m'manja, namuuza kuti ayambe wakafunsa kuchipatala.

Dzulo mkamwini uja sanabwere, mwana wadwala. Kapitawo anayang'ana denga losamalizidwa, nayang'ana a Makwerero.

"Madala, mzere uwo ukufuna inu."

Anaimika makwerero, nagwedeza kuti aone ngati akhazikika. Anakwera sitepe yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Mutu unali bwinobwino, denga lili phee pamalo pake. Koma phazi litafika pa yachinayi linakana. Anaima pomwepo, burashi ikudontha.

"Chizungulire?" anafunsa kapitawo.

"Ayi, bwana," anatero a Makwerero, osayang'ana pansi. "Tangogwirani makwererowa pang'ono."

Pazaka makumi awiri ndi zisanu, aka kanali koyamba kupempha zimenezo. Kapitawo anayandikira, nagwira ndi manja onse awiri.