Kukagula Bata ku Harare

M'mbiri yonse ya mapulazi a ku Selous, kuyambira nthawi ya azungu mpaka ya eni minda atsopanowa, sipanapezeke munthu woyenda ulendo wautali kukagula bata. Woyamba ndi ine. Ndinanyamuka Lachiwiri m'mawa, nditavala nsapato za msuweni wanga, poti zanga zinayera kale ndi ufa.

Ndimagwira ntchito pa chigayo cha dizilo cha amalume. Ndinafikapo nditachoka ku koleji, komwe ndinaphunzira za magetsi miyezi isanu ndi iwiri, mpaka ine ndi kolejiyo tinagwirizana kuti tadziwana mokwanira. Patha chaka ndikuima pambali pa injini, ndipo m'khutu lamanzere mwakhazikika kanyenje kolira usana ndi usiku. Nyimbo za pa foni ndimazimva ngati zikuimbidwa ku pulazi yoyandikana nayo. Namwino wa ku kiliniki sananyengerere: "Tsekani makutu pa ntchito, apo ayi mudzafika zaka makumi atatu mukungoyankha kuti ee pa chilichonse." Choncho ndinapinda madola makumi awiri kuti ndikagule mahedifoni aja amati amameza phokoso.

Nthawi ya 7 ndinali pa msewu waukulu. Kombi, minibasi ya kuno, inafuna madola atatu. Hwindi, yemwe ndi kondakitala wa kuno, anandiika pamwamba penipeni pa sipika, bondo langa likukambirana ndi thumba la mbatata la mayi wina. Pofika ku Norton mano anga anali ataloweza nyimboyo. Ndinapempha mwaulemu kuti achepetseko. Dalaivala anandiyang'ana pa galasi, n'kuwonjezera.

Cha m'ma 9 tinatsika ku Harare. Sitolo yoyamba inali ya magalasi, yozizira ngati mochare. Mtsikana wogulitsa anandiveka mahedifoni akuda, nadina kabatani. Abale, mzinda wonse unamira. Ndinatsala pang'ono kugwetsa misozi. Kenako ananena mtengo: madola zana limodzi ndi makumi awiri. Ndinawavula ndi manja awiri monga timalandirira mphatso kwa apongozi, ndi kunena kuti ndibweranso. Tonse awiri tinadziwa kuti ndi bodza.

Ndinatsikira kumunsi kwa tauni, kumene nyumba imodzi amaigawa timasitolo makumi anayi. Mnyamata wa tcheni m'khosi anandikoka dzanja.

"Mukoma, original! Madola khumi ndi asanu. Valani, ndikuwa, muone ngati mumva."

Ndinavala. Anatsegula kukamwa, mitsempha ya m'khosi njo, manja m'mwamba, koma mawu osamveka ngakhale pang'ono. Ndinayamba kufunafuna m'thumba. Ndiye mayi wina kuseri kwake anayetsemula, ine n'kumva bwinobwino. Ndinamva mahutala, ndinamva mlaliki wa pa ngodya, ndinamva ngakhale khobidi litagwa. Dziko lonse linkamveka kupatula iyeyo. Munthu wamkulu, wandevu zake, kumangoyasamula ngati nsomba pofuna kudya ndalama zanga za ufa!

"Mahedifoni ako ndi anzeru," ndinatero. "Amasankha wabodza yekha."

Pa kasitolo kachitatu foni inalira. Anali amalume.

"Mphwanga, wagula zotseka makutuzo? Mawa m'mawa kuli matumba a anthu a maliro."

Ndinawayankha m'Chichewa chathu, kenako ndinavala mahedifoni ofiira a madola khumi ndi awiri. Wogulitsa anatembenukira kwa mnzake, nanena m'Chishona kuti mubhurandaya uyu sadziwa kanthu, umupatse aja obwezedwa dzulo. Mubhurandaya, kutanthauza wa ku Blantyre, ndi dzina lotinyoza nalo ife a makolo ochokera ku Malawi. Ine wobadwira ku Selous, bambo anga obadwira ku Selous, Blantyre sindinamuonepo ngakhale pa kalendala!

Ndinavula mwaulemu. "Katundu wako walephera mayeso," ndinamuuza m'Chishona chosalala kuposa chake. "Ndamva zonse, ndi za dzulo zomwe."

Masana ndinakhala pa khonde la sitolo ya zitsulo, ndikukukuta chimanga chootcha cha masenti makumi asanu ndi kutukwana ndekha. Mlonda wa sitoloyo, mdala wa yunifolomu yotuwa, ankandiyang'ana pakamwa.

"Iwe mwana, milomo yakoyo ikutukwana m'Chinyanja. Ndiwe wa kuti?"

"Wa ku Selous, agogo."

"Ati?"

"KU SELOUS!"

"Usakuwe, ndine wogontha, si wopusa. Ungondiyang'ana polankhula."

Anandiuza kuti anayendetsa thirakitala zaka zambiri pa pulazi ina ku Goromonzi. Nayenso zinayamba ndi kanyenje. Lero ku gule amamva ng'oma ndi mapazi okha, ndipo mdzukulu wake akamaimba ku tchalitchi amangoona kukamwa.  Ndinamufotokozera za koleji, za chigayo, za namwino, za mnyamata woyasamula uja. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye sukulu yonseyo unapita kukatani? Lowa umu."

Anandilozera mbale ziwiri zachikasu zolumikizidwa ndi chitsulo, zimene amavala odula mitengo ndi makina. Madola anayi. Anati ndigule timaiyafoni ta waya ta madola awiri panja, ndilowetse m'makutu, mbalezo ndivundikire pamwamba. "Ndipo nyimboyo usakweze. Ukakweza wangosamutsira chigayo m'mutu."

Ndinatsutsa kuti zimenezo si sayansi, chifukwa mulibe batire ngakhale kabatani.

"Ati?"

Ndinagula.

Nthawi ya 3 ndinakwera kombi ya ku Chegutu, madola atatu enanso, ndi kumuuza hwindi kawiri kuti nditsika pa Selous. Mpando unali womwewo wa pamwamba pa sipika. Ndinavala zida zanga, n'kuyatsa nyimbo pa foni. Ana asukulu awiri anandiloza, mayi wina anafunsa ngati ndikupita kukaulutsa ndege. Funsolo ndinachita kuuzidwa pambuyo pake. Ine ndinkamva gitala, waya uliwonse pawokha, kwa nthawi yoyamba m'chaka chathunthu. Ndinatsinzina kuti ndimvetsetse bwino.

Nditatsegula maso ndinaona nkhokwe zazitali za chimanga. Ku Selous kulibe nkhokwe zotero. Tinali ku Chegutu.

"Bwanji sunandiuze?" ndinamukalipira hwindi.

"Mudhara, ndakuwa Selous katatu! Kombi yonse yakuwa! Dalaivala waimba hutala! Wonjezerani dola."

Ndinakwiya, koma ndinalipira ndi mtima wa munthu amene katundu wake wakhoza mayeso pamaso pa mboni khumi ndi zisanu ndi zitatu. Dola lina linandibweza ku Selous dzuwa likupendeka.

M'mawa mwake ndinagaya matumba a anthu a maliro mbale zili kumakutu. Injini inkangong'ung'udza patali ngati mlamu wokhumudwa. Kanyenje kaja sikanasamuke, koma sikanaitane abale ake. Amalume akuti anandikalipira kwa mphindi khumi chifukwa cha nsapato za mwana wawo. Ndikukhulupirira, poti ndinaona milomo.

Ndaphunzira kuti bata lenileni lilipo, koma amaligulitsa ku sitolo ya zitsulo, pakati pa mafosholo ndi misampha ya makoswe. Ulendo wonse wa mbiriwu unandidyera madola khumi ndi anayi ndi theka, awiri mwa iwo a ku Chegutu.