Mpando Wotsala mu Minibasi ya ku Tauni

Fungo la dizilo likasakanikirana ndi la chimanga chootcha, mtima wanga umabwerera pa siteji ya ku Mitundu, dzinja limene ndinali mu Sitandade 2. Nyumba yathu inali kuseri kwa chigayo, ndipo tinkadzutsidwa ndi mahutala a maminibasi opita ku Lilongwe. Ogwira ntchito m'tauni ankalumpha zithaphwi atavala patapata, nsapato zabwino zili m'jumbo. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pakhonde la telala n'kumaonerera. Lamulo la pasiteji ndinkalidziwa kuposa samu: minibasi sinyamuka isanadzaze. Oitanira ndinkawasirira moti kunyumba ndinkaitanira nkhuku kuti zikwere mtondo wa amayi.

Mkulu wanga Esinati anali mu Sitandade 8, mayeso ali pafupi. Koma amalume anali atamupezera ntchito yolera mwana ku Kawale, ndipo amayi analibe pakamwa potsutsa mlongo wawo. Bambo anali ku esiteti ya fodya kufupi ndi Dzalanyama, kumene ankalima ngati tenanti. Esinati anawatumizira uthenga mwamseri kudzera mwa munthu wina wogulitsa makala. Ine chimene ndinamva n'chakuti mkulu wangayo akupita kutauni, basi nsanje inandigwira.

Ulendo unali wa Loweruka m'mawa, kunja kukuwaza mvula. Amalume anamukhazika Esinati pawindo, iwo n'kukhala pambali pake. Esinati anatsegula galasi pang'ono n'kundikodola.

"Tadala, uziyang'ana msewu wa ku Dzalanyama," anandinong'oneza. "Ikachedwa kudzaza, bambo atipeza."

Ndinagwedeza mutu, koma mawuwo analowa khutu ili n'kutulukira linalo. Maso anga anali pa kondakitala.

Chifukwa cha mvula anthu ankabwera mmodzimmodzi. Panapita nthawi yaitali, mpaka unatsala mpando umodzi wokha. Kondakitala anaitana mpaka mawu kusasa, dalaivala akungoliza injini, okwera akung'ung'udza. Apo m'pamene ndinaona mayi wina atausa pakhonde la telala ndi dengu la tomato. Ndinathamanga, n'kugwira dengulo mbali imodzi.

"Mayi, malo atsala amodzi. Mvula iyi sikata msanga."

Mayiwo anaseka n'kudzuka. Tinanyamulizana dengulo mpaka pachitseko.

"Kamwana aka n'kochenjera," anatero kondakitala, akumenya denga la minibasi.

Ndinafufuma ngati finye. Ndinayang'ana pawindo kuti Esinati naye anditame, koma iye anali akupukuta nthunzi pagalasi ndi chitenje, maso ali kumsewu uja. Minibasi inakhota pamsika iye asanatembenuke.

Chimanga chimene wootcha anaika pamoto minibasi ikunyamuka chinali chisanapse pamene bambo anatulukira. Anali panjinga yobwereka, matope mpaka m'mawondo, malaya atamatirira kumsana. Anayang'ana pamalo pamene minibasi inaima, kenako anayang'ana ine.

"Apita?"

"Apita," ndinayankha monyadira. "Ndadzazitsa ndine."

Sanandikalipire. Anaima kanthawi akupumira m'mwamba, mvula ikutsika m'chipewa. Kenako anandikweza pakaliyala n'kuyamba kukankha njingayo kupita kunyumba. Njira yonse ndinkawafotokozera za dengu la tomato, ndikudabwa kuti bwanji sakuseka.

Esinati sanalembe mayeso chaka chimenecho, ngakhale china chilichonse. Pa nthawiyo ndinkaona ngati ndathandiza anthu otopa kuti afike msanga. Lero ndikudziwa kuti bambo anali mkamwini chabe, ndipo mwina amalume akanawagonjetsabe pamaso pa anthu onse aja. Ndimadziuza zimenezi kawirikawiri, koma sizindichotsera chisoni, chifukwa mpata woti alankhule ndinawalanda ndine.

Esinati pano amagulitsa kaunjika ku Nathenje, ndipo ndikapita amandilandira bwino. Amene anamaliza sukulu m'nyumba mwathu ndine. Sanandiuzepo ngati anandiona ndikukoka dengu lija, ndipo ine mpaka lero sindinamufunse.