Amayi Anavula Nsapato Pakhomo pa Kachisi

Kambale kachitsulo kamene ndimaikamo makiyi kunyumba kwanga sikogula. Ndinapatsidwa ndili mwana wa pulayimale, m'nyengo ija masamba amafiira n'kuyoyoka, pamene ine ndi amayi tinkakhala ku Manchester. Bambo anali adakali kumudzi kudikira mapepala. Amayi ankasamalira okalamba, ndipo nthawi zambiri ankachezera kuntchito. Amene ankandisunga anali mayi wina wachikulire wachimwenye wa khomo loyandikana ndi lathu. Ndinkawatchula kuti agogo, ngakhale kuti magazi athu sanakumane paliponse.

M'nyumba mwawo munkamveka fungo la lubani ndi anyezi wokazinga. Mawondo awo anali otupa, ankayenda ndi ndodo, ndipo akakhala pampando kudzuka kwake inali nkhondo. Ankandipesa tsitsi molakwitsa, ine n'kumalira, iwo n'kumaseka. Pa zonsezi sanapemphepo amayi kanthu, mpaka nyengo imeneyo.

Anafotokoza kuti kwawo kuli chikondwerero cha mulungu wamkazi. Pa tsiku lalikulu, azimayi amabweretsa atsikana ang'onoang'ono kukachisi, amawasambitsa mapazi ndi kuwadyetsa, chifukwa amati tsiku limenelo mulunguyo amaonekera mwa mwana wamkazi. Adzukulu awo onse anali amuna. Ankafuna ine, ndipo anati mawondo awo sadzawalolanso chaka chamawa.

Amayi anali mtsogoleri wa azimayi kumpingo kwathu. Tinkapemphera muholo yobwereka, yozizira, koma ndi mmene munali mudzi wathu wonse. Kunja kwa holoyo panalibe wina wowapatsa moni m'Chichewa, panalibe wodzawakhalira pamaliro. Mkulu wa mpingo anali malume, mchimwene wawo wa amayi, munthu wosaseka ndi zopanda pake.

"Mlongo, mafano ndi mafano," anatero malume pabalaza pathu. "Mukangolowa mmenemo, ine sindidzakuikirani kumbuyo. Mpingo udzamva."

"Achimwene, mwanayu wakulira m'manja mwawo ine ndili ku naiti. Ndikane ndi pakamwa pati?"

Anagwirizana kuti ine ndilowa ndi agogo, amayi aima pakhomo osaponda mkati. Malume anati atiperekeza pagalimoto yawo poti agogo sakanatha kukwera sitima. Lero ndimaona kuti ankafunanso kudzionera okha.

Kachisiyo anali kupitirira Wakefield, m'nyumba yakale ya njerwa zakuda, pakati pa mosungira katundu. Panja panali mabasi ochokera m'mizinda yakutali, ndipo kunkawaza kamvula kozizira. Pakhomo panali nsapato zambirimbiri. Ndinavula zanga, pansi n'kundizizira m'masokosi. Amayi anaima pomwepo, chikwama chili m'khwapa, nsapato zili kuphazi, ngati munthu wodikira basi. Malume anatsala m'galimoto.

Mkati munali kutentha ndi phokoso la mabelu. Kutsogolo kunali mulungu wamkaziyo, wa mikono yambiri, atakwera mkango, atavekedwa nsalu yofiira ndi maluwa achikasu mpaka m'khosi. Maso ake anali aakulu, osaphethira. Ndinachita mantha, ndinagwira mpango wa agogo. Azimayi ankaimba, ena akulira mwakachetechete, ndipo sindinafunike kumva mawuwo kuti ndidziwe kuti akupempha zinthu zowawa.

Anatikhazika atsikana pamipando yaifupi, mumzere. Kenako agogo anapereka ndodo yawo kwa mayi wina n'kuyamba kutsika pansi pamaso panga, pang'onopang'ono, akuluma mlomo. Ine ndinaleredwa ndi amayi anga. Ndinkayankha m'Chingerezi, inde, koma mawondo anga anali achimalawi: mwana sakhala pampando munthu wamkulu atagwada. Ndinatsetsereka pampandopo n'kugwada nanenso. Agogo anandikoka kuti ndibwerere, ine ndinakana, ndipo pokokanapo beseni la madzi linagubuduzika. Dzanja lawo linaterereka pamadziwo, anagwa cham'mbali.

Sindinaone nthawi imene amayi anavula nsapato. Ndinangoona afika, adutsa pakati pa anthu, agwada m'madzimo, alowetsa mkono kumsana kwa agogo monga ankachitira tsiku ndi tsiku kuntchito. Anawafunsa ngati chiuno chikupweteka. Agogo anapukusa mutu, misozi ili m'maso, ndipo anati sadzuka asanamalize. Amayi anandiyang'ana.

"Khala pampandopo, mwanawe. Lero lokha."

Ndinakhala. Madzi ena anabwera. Amayi anakhalabe chogwada, atawagwira agogo m'chiuno kuti asagwenso, ndipo agogo anandisambitsa mapazi. Madziwo anali ofunda. Anandipukuta ndi nsalu, anandipaka kadontho kofiira pachipumi, kenako anagunditsa mutu wawo wa imvi pa zala zanga zakuphazi. Chiyambire sindinachitepo manyazi otero, komanso sindinaonepo munthu atakhutira ngati iwo. Anandipatsa kambale kaja muli nandolo wakuda ndi phala lotsekemera, ine n'kudya amayi akuona.

Nditadzutsa mutu ndinaona malume ataima pakhomo, mvula ikudontha pachipewa. Chimene anaona iwo ndi mlongo wawo ali chogwada, opanda nsapato, kutsogolo kwa fano. Sananame pamene anakanena kumpingo. Ndawakwiyira zaka zambiri, koma bodza sindingawanamizire. Pobwerera, m'galimoto munkangomveka agogo akung'ung'udza nyimbo yawo.

Masabata otsatira kunyumba kunkabwera akuluakulu a mpingo, ine n'kutumizidwa kuchipinda. Kudzera pakhoma ndinkamva mawu apa ndi apo. Ankati nkhaniyo ndi yaing'ono, amayi angoimirira pamaso pa mpingo n'kunena kuti anachimwa, basi zithe. Amayi ankayankha motsitsa mawu, mawu omwewo nthawi zonse: "Sindinagwadire fano ine. Ndinagwira munthu amene anagwa." Wina anafunsa za chakudya chimene ndinadya kukachisi. Ndikukhulupirira kuti funso limenelo linkawasowetsa tulo amayi, chifukwa chikhulupiriro chawo sichinali chamasewera. Koma kulapa chifukwa chodzutsa agogo anakana.

Foni yawo, imene kale inkangolira ndi mauthenga a azimayi, inatonthola. Bulauzi yoyera ya gulu lawo anaisita, anaipinda, n'kuiika pamwamba pa wadirobu. Kutchalitchi sanasiye. Lamlungu lililonse tinkakwera mabasi awiri, kunja kukuda msanga, n'kukakhala pabenchi yakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko pamene pankalowera mphepo.

Ndimakumbukira Lamlungu la mgonero, Khirisimasi itayandikira. Anthu anadzuka mzere ndi mzere kupita kutsogolo, akuimba nyimbo imene amayi ndiwo ankaiyambitsa kale. Malume ananyamula mbale ya mkate, maso ali pansi. Amayi sanadzuke. Anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka zala kupweteka, milomo yawo ikutsatira nyimboyo popanda mawu. Ine ndinatsamira paphewa pawo ndili wosangalala. Kale ankakhala kutsogolo ndi azimayi anzawo, ine n'kumakhala ndekha, ndipo ndinkaganiza kuti tsopano asankha kukhala ndi ine.