Kalavani Yanu Sinafikebe ku Beira

Bambo a Tiza, lero kwabwera munthu wa ku Mfuwe kudzafunsa ngati ndikugulitsa kalavani yanu. Akuti akufuna azikazingiramo tchipisi. Ndamubweza, kenako ndakhala pakhonde ndikukukwiyirani. Munaitola itatayidwa ku loji ya ku Chinzombo komwe munali makanika, n'kuikonza kuti tidzaikoke ndi galimoto yanu mpaka ku Beira, ndikaone nyanja ya mchere. Lamlungu lina titachoka ku tchalitchi munandikhazika mkati, mukundionetsa pogona pathu ndi njira yodzera ku Katete ndi Tete, yomwe munajambula pa katoni. Ndinati, "Tiyeni chaka chino, matayala alipo kale." Munaseka. "Mayi a Tiza, alendo achuluka ku loji. Akachepa tinyamuka." Atachepa munati misewu yaipa ndi mvula. Chaka chotsatira zomwezo. Chachitatu munali m'chipatala, ndipo simunatulukemo ndi moyo.

Bwanji simunandimvere? Masiku khumi okha akanakuchotsetsani ntchito? Mwana wathu Tiza watenga laisensi, ndipo ndamuuza kuti mu Ogasiti tikupita pa galimoto yanu yomweyi. Chithunzi chanu tichiika pampando wakumbuyo, chifukwa mukakhala kutsogolo mungatichedwetsenso.